Agogo akana chithunzi changa cha f/1.8

Lenzi ina ya kamera yanga, galasi lakutsogolo lojambulira, yafika tsopano. Msuweni wanga ndiye wandibweretsera kuchokera ku Joni, yogwirapo kale ntchito koma galasi lake losakandika ngakhale pang'ono. Ndi Canon EF 50mm f/1.8 STM, mtundu umene unatuluka mu 2015. Kanthu kake nkopepuka, magalamu 160 okha, moti nditakagwira koyamba ndinakayika ngati muli kanthu m'katimo.

Zaka zonsezi ndakhala ndikujambulira lenzi ya 18-55mm imene inabwera ndi kamera yanga ya Canon 700D. Ukaikoka mpaka pa 55mm, kabowo kake kolowera kuwala sikatseguka kupyola f/5.6, ndiye munthu, mpanda wa kuseri kwake ndi zovala zoyanika pachingwe zonse zimatuluka limodzi. Manambala a f awa ankandizunguza mutu kale. Ndi masamu ogawa basi: mamilimita a lenzi kugawa ndi nambala ya f, umapeza kukula kwa kabowo. 55 kugawa ndi 5.6, kabowo sikakwana mamilimita 10. Pa lenzi yafikayi, 50 kugawa ndi 1.8, kakufika pafupifupi 28. Kuwala kolowa kumachuluka pafupifupi kakhumi, koma malo ooneka bwino pachithunzi amachepa zedi.

Ndinayamba ndi mulu wa tomato pakhonde. Lenziyi imalola kuyandikira mpaka masentimita 35, ndipo ndinayandikiradi. Tomato mmodzi anatuluka ndi kadontho ka madzi pakhungu pake, anzake a kumbuyo atasungunuka ngati utoto wofiira wothimbirira m'madzi. Anzathu ojambula amati bokeh, mawu ochokera ku Chijapanizi. Ine ndimangoti chimbuuzi chokoma. Usiku umenewo ndinajambula chilichonse, makiyi, sipuni, mpaka khutu la mphaka.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita kwa agogo cha ku Thondwe. Ndinawapeza akupeta nyemba pabwalo dzuwa lili paliwombo, ndipo vuto loyamba linayambira pomwepo. Pa f/1.8 ndi ISO 100 (muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala), liwiro la kamera yanga potsegula nkutseka limathera pa 1/4000 ya sekondi, pamene dzuwa lotere limafuna cha m'ma 1/8000. Duku lawo loyera linangoti mbee, lopanda ndi mzere womwe. Ndinawapempha tisunthire pansi pa mtengo wa mango.

Vuto lachiwiri linali langa. Ukaima mita imodzi kuchokera pa munthu, pa kamera ngati yangayi, malo ooneka bwino sakwana masentimita 3. Atatu okha! Kuchokera pansonga ya mphuno kufika pa diso mtunda watha kale. Zithunzi zoyambirira zonse mphuno ya agogo ili bwinobwino, maso ali mbuu. Kamera ndinaisiya izisankha yokha poika fokasi, malo oti aoneke bwino, ndiye inkangogwira chimene chili pafupi. Nditasankha ndekha kadontho kamodzi ka fokasi nkukaika pa diso loyandikira kwa ine, zinayamba kulongosoka, komabe agogo akangoseka nkuweramira kutsogolo pang'ono, zaonongekanso. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka mamita awiri, pamene malo aja amakula kufika masentimita 10 ndi kanthu, nkutsekako kabowo kufika f/2.2.

Kenaka chinatuluka chimene ndinkafuna. Makwinya a m'mbali mwa maso akuwerengeka, kuseri konse kuli kobiriwira kosalala, kuwala kodutsa m'masamba kutasanduka timipira. Ndinathamanga kukawaonetsa.

Anayang'ana nthawi yaitali, kamera ataitalikitsa ndi nkhope.

“Nanga nyumba yanga ili kuti?”

“Ili kuseriko agogo, kungoti sikuoneka. Ndachita dala kuti muoneke inuyo.”

“Iwe, malata amenewa ndakhoma chaka chino ndi ndalama ya nandolo. Ukawatumizira amalume ako chithunzi cha utsi chimenechi, adziwa bwanji? Kamera yako yafa.”

Ndinayamba kufotokoza za kabowo ndi mtunda, koma ndinalekera panjira. Ine ndinabwera kudzajambula nkhope. Iwo ankafuna chithunzi chonena za chaka chawo, malata, nkhokwe yodzaza, mbuzi ziwiri zija. Zonse zimene ndinazifuta monyadira ndi zimene iwo amati chithunzi.

Anakavala chitenje china. Ndinawaimika kutsogolo kwa khomo, ndinapita kutali chifukwa 50mm pa kamera yangayi imaona mopanikiza ngati 80mm, mpaka ndinakaima m'mizere ya mbatata. Ndinaika f/8. Malata akuwala, nkhokwe ikuoneka, ngakhale beseni losweka limene ndikanakonda likanabisika.

“Eya, ichi ndiye chithunzi. Ukatsukitse ziwiri.”

Ndikatsukitsa Lolemba ku Zomba. Changa chimene ndasunga ndi china, chimene iwo sanachione, manja awo ali palichero, nyemba zitatu zokha zikuoneka bwino, zina zonse zili m'malere mwachimbuuzi. Chimenecho ndinajambula pa f/1.8, ndipo fokasi inagwera pa chala chachikulu mwangozi.