Dzanja lozimitsa magetsi

Kwathu ukasiya getsi likuyaka m'chipinda mopanda munthu, unali mlandu woposa kuswa mbale. Amayi ankaliona ngakhale ali kuseri kwa nyumba. "Kodi ukuunikira mizimu?" Ukachedwa kuyankha, khutu lako ndi limene linkalipira. Ndinakula choncho, moti mpaka pano dzanja langa limazimitsa getsi mutu usanalipatse chilolezo.

Nditangoyamba kumene ntchito paofesi ina, ndinalowa kuchimbudzi. Ndinasamba m'manja bwinobwino, ndipo potuluka dzanja linachita zake. Mdima bii!

"Ndani ameneyo?"

Mawuwo anachokera m'kachipinda kakumapeto. Anali abwana aakulu, omwe aja anasaina kalata yondilemba ntchito.

Wina aliyense akanangoyatsa n'kuliyatsa liwiro. Koma amayi anandiphunzitsanso lamulo lina: wamkulu akafunsa umayankha mokwanira, ndipo suchoka asanakuuze. Ndiye ndinaima chilili, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu pamzere, n'kutchula dzina langa lonse, dipatimenti yanga ndi tsiku limene ndinayamba ntchito. Getsi osayatsa.

"Nanga mukudikira chiyani?"

"Ndikudikira mundiuze, bwana."

"Yatsani!"

Ndinapapasa khoma thukuta lili kamukamu, n'kugunda makina oumitsira m'manja. Anayamba kubangula. Abwana ankakuwa zinazake koma sindinkamva, ndiye ndinkangoyankha kuti "Zikomo bwana, zikomo kwambiri." Munthu akachita mantha, ulemu ndi umene umatsala, nzeru zimayamba zathawa.

Getsi litayaka anatulukira, lamba atamangira pambali, tayi ili paphewa. Anasamba m'manja mwakachetechete, akundiyang'ana pagalasi. Kenako phunziro linayamba.

"Achimwene, mababu awa ndi a LED. Amadya mawati 9 pomwe akale aja ankadya 60. Kampani simuilemeretsa posiya anthu mumdima. Zakunyumba muzizisiya kunyumba."

Ndinavomera chilichonse, maso ali pansi. Iwo anakonza tayi, anatsokomola mwaubwana, n'kutsegula chitseko. Ali mkati motuluka, ndinaona dzanja lawo likunyamuka lokha kupita pakhoma.

Mdima bii!

Ndinangoima momwemo, poti sanandiuze kuti ndichoke. Panja nsapato zinayenda pang'ono n'kuima. Chitseko chinatsegukanso, mutu wokha n'kusuzumira.

"Achimwene," ananong'ona, "izi zithere momuno."