Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nsima pa sikelo

M'gawo lapita lija tinalekezera pomwe ndinatuluka m'chipatala atandipeza ndi matenda a shuga, nditanyamula kabotolo ka insulin (mankhwala otsitsa shuga m'magazi), majakisoni ndi mawu a adokotala akuti ndizidzibaya kawiri pa tsiku moyo wanga wonse. Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati kudzibayako kumapweteka. Kumapweteka pang'ono, ndipo munthu sachedwa kuzolowera. Chimene chinandisowetsa mtendere kwa nthawi yaitali si singano ayi, koma mbale ya nsima.

Insulin amene anandipatsa ndi wosakaniza uja, Mixtard 30, wooneka mbuu. M'kabotolomo muli mitundu iwiri: magawo 30 pa 100 ndi wogwira ntchito msanga, 70 otsalawo ndi wogwira pang'onopang'ono. Umabaya m'mawa kutatsala theka la ola kuti udye, madzulo chimodzimodzi. Akalowa walowa, sungamutulutse. Sadziwa kuti lero makala avuta kuyaka kapena kuti msonkhano wa aphunzitsi watalika. Wa m'mawa uja mphamvu zake zimakula chakumasana, ndiye akapeza wadya zochepa, shuga amatsika. Ukadya zopitirira, amakwera. Choncho kwa ife obaya mlingo wosasinthasintha, nkhani yagona poti chakudya chokhutitsa chizikhala chofanana tsiku ndi tsiku, pa nthawi yakenso yomweyo.

Anesi a ku kiliniki ya shuga anandilangiza bwino ndithu: mitanda iwiri yaing'ono masana, iwiri madzulo, masamba ochuluka, tiyi wopanda shuga. Ndinatsatira. Koma inu amene munakulira nsima mukudziwa kuti mtanda ulibe mlingo. Wa chipande cha kwathu ndi wina, wa m'lesitilanti ya mumsika ndi wina, ndipo wophika yemweyo akakhala ndi njala amaomola yaikulu. Kamakina kanga koyezera shuga sikankabisa. Tsiku lina ndadya iwiri, pofika cha m'ma 3 koloko ndikuchonga makope a ana, manja njenjenje, thukuta lozizira pamphumi, kuyeza 3.4. Tsiku linanso ndadya iwiri yomweyo, kukhosi gwa, ulendo wa kuchimbudzi wosatha, kuyeza 16. Kanga kamawerenga mwa mmol, ndipo pansi pa 4 ndiye kuti shuga watsika. Ngati kanu kamawerenga mwa mg, malirewo ali pa 70. Ndinkagona ndi mantha, osadziwa kuti ndikulakwitsa pati pamene zonse ndachita monga anandiuzira.

Achimwene anga amagwira ntchito yophika buledi ku Johannesburg. Nditawadandaulira pa foni anangoti, "Achemwali, ife kuno ufa sitiyeza ndi maso. Dikirani ndikutumizireni kanthu." Kanthuko ndinakakatenga ku Wenela, katakulungidwa m'kati mwa bulangete. Kasikelo ka m'khitchini, kathyathyathya, kagalasi pamwamba, koyendera timabatire tiwiri, koyeza galamu imodziimodzi mpaka makilogalamu 5. Kali ndi batani lomwe ndimalikonda kwambiri, lobwezera pa ziro: umaika mbale yopanda kanthu, n'kudina, kulemera kwa mbale kumafufutika, ndiye chimene uikemo chimawerengedwa chokha. Poyamba sindinakakhulupirire, poti tonse tinaonapo masikelo a ogula mbewu ena. Ndinaikapo paketi ya shuga yosatsegula ya kilogalamu imodzi, ndipo kanasonyeza 1,000 ndi timagalamu tochepa ta pepala. Mtima unakhala pansi.

Chimene timawerenga si kulemera kwa chakudya chonse, koma kabohaidireti amene alimo, kutanthauza sitachi ndi shuga, poti ndiye amasanduka shuga wa m'magazi. Nyama, nsomba, mazira ndi mafuta alibe kapena ali ndi wochepa zedi. Nkhwani, chisoso, bonongwe ndi mpiru sindivutika n'kuyeza komwe. Nkhondo ili pa gulu la zokhutitsa ndi zipatso.

Nsima ndiyo inandipatsa ntchito, chifukwa ilibe chikalata chomata ngati buledi wa m'sitolo. Ndinachita chonchi. Ufa wouma wa chimanga uli ndi kabohaidireti pafupifupi magalamu 75 pa magalamu 100 aliwonse. Ndinayeza ufa wa magalamu 500 ndisanatereke poto, ndiye kuti kabohaidireti yense anali 375. Ndinaphika monga mwa masiku onse, kupanga phala, kuthira ufa, kuvundula mpaka ufa wonse woyezedwa uja utatha. Nditaomola ndinayeza nsima yonse, inakwana pafupifupi magalamu 1,500. Mu 1,500 muli ma 100 okwana 15, ndiye kugawa 375 ndi 15, yankho 25. Ndiye kuti nsima ya dzanja langa ili ndi magalamu 25 pa 100 aliwonse. Madzi amawonjezera kulemera koma sawonjezera sitachi, n'chifukwa chake nsima yolimba imakhala ndi wochuluka kuposa yofewa ngakhale zitalemera mofanana. Musakopere nambala yangayo. Phikani yanu, muyeze nokha.

Kenako ndinayeza mitanda. Waung'ono, umene ndinkaomola ndikakhala ndatopa ndi nsima, unali magalamu 140. Umene ankandiomolera mng'ono wanga, amene amakhulupirira kuti wodwala azidya, unali 270. Yonseyo tinkaitchula kuti mtanda. Iwiri ya mtundu woyamba ndi kabohaidireti 70, iwiri ya mtundu wachiwiri ndi 135, pa insulin yemweyo. Ndinakhala pa mpando kwa kanthawi ndikuyang'ana manambalawo, misozi ili lengelenge, poti kwa nthawi yoyamba 3.4 uja ndi 16 uja anali ndi chifukwa.

Kuyambira pamenepo chilichonse cholowa m'nyumba chinkakwera kaye pa galasi. Mpunga wophika uli ndi pafupifupi 28 pa 100, mbatata yophika cha m'ma 20, nthochi yakupsa yosenda kupitirira 20 pang'ono, buledi pafupifupi theka la kulemera kwake. Chinangwa chinandidzidzimutsa: chimayandikira 40, pamene ine ndinkachitenga ngati chongotafuna podikira nsima. Nyemba nazo zili naye, ngakhale zimakweza shuga mochedwerapo. Nyengo ya mango ndinapeza njira yangayanga. Ndimayeza bango lathunthu, ndimadya, kenako ndimabwezera pa sikelo makoko ndi njere n'kuchotsera. Chotsalacho ndicho chalowa m'mimba, ndipo pa 100 aliwonse pali pafupifupi 15. Chimanga chootcha chimodzimodzi, chitsononkho chimabwerera pa sikelo. Mango sindinasiye, kungoti ndimadya limodzi, osati beseni monga tinkachitira tili ana.

Apa ndinenepo za mgaiwa, chifukwa zimandipweteka mtima. Aliyense akamva kuti uli ndi shuga amati, "Muzidya mgaiwa." Mgaiwa ndi wabwino, uli ndi gaga, umakhalitsa m'mimba, ndipo inenso ndi umene ndimadya. Koma ndi chimanga chomwecho, ndipo sitachi wake sasiyana kwenikweni ndi wa ufa woyera. Ndaonapo anzanga pa mzere wa kiliniki akudya mitanda inayi ndi mtima woyera poti ndi mgaiwa, kenako n'kumadabwa kuti shuga sakutsika. Uchi nawo ndi shuga. Thobwa ndi shuga, ngakhale musathiremo wa m'paketi. Anthu otilangizawa amatikonda, koma insulin samva za chikondi chawocho, amangoona kuchuluka kwa chimene chalowa.

Vuto lalikulu la kasikelo silinali masamu. Linali anthu. Kwathu kuno chakudya sawerenga. Sikelo ndi ya pamsika, ya pogulitsa nandolo ndi fodya, pomwe wina akuopa kuberedwa. Kuibweretsa pa mphasa yodyera kumaoneka ngati umbombo kapena kunyoza wophika. Apongozi anga atabwera kuchokera kumudzi ku Thyolo, anandiletsa kugwira mthiko, anati ndipume. Anaphika nsima yawo yolimba ija, n'kundiikira mitanda iwiri yonyezimira. Ine ndinatenga mbale, kuika pa sikelo, kudulako chidutswa n'kubwezera m'bakuli. M'nyumba munangoti zii. Bambo a kunyumba anaweramira m'mbale mwawo.

"Apongozi," anatero motsitsa mawu, "nsima yangayi yalakwa chiyani?"

"Sinalakwe, amayi. Mankhwala amene ndabaya ndi a nsima yochuluka chonchi basi. Ikapitirira ndidwala, ikachepa ndikomoka."

Sanayankhe. Anadya pang'ono n'kukagona. Ine usiku umenewo tulo sitinabwere, poti ndi mayi amene sanandinenepo choipa chilowereni m'banja lawo.

M'mawa mwake sindinabwerezenso kufotokoza. Pophika nsima ya masana ndinawapempha kuti tiyeze limodzi ufa, ndipo ataphika tinayeza yonse. Yawo inatuluka pafupifupi 31 pa 100, chifukwa cha kulimba kuja. Kenako ndinawapatsa kasikelo kuti aziika okha mtanda uliwonse akaomola. Woyamba 212. Wachiwiri 208. Wachitatu 215. Wachinayi 210. Ndinadabwa kwambiri. Ine ndi maphunziro angawa mitanda yanga inkasiyana ndi magalamu 50 kapena kuposa, koma dzanja la mayi amene aomola nsima zaka zoposa makumi anayi linali losaphonya. Nditawauza zimenezo anaseka mpaka kugwira pakamwa ndi chitenje. Anafunsa kuti wanga uzikhala wotani, ndinawauza, anayesa kawiri, kachitatu anapeza. Masiku otsalawo ankandiomolera okha, ine n'kumangotsimikiza, ndipo akamva mlendo akufunsa za kasikelo ankayankha ndi iwo: "Musiyeni mwana, akuyeza mankhwala."

Atabwerera kumudzi anatuma munthu wosema kuti andisemere chipande chaching'ono. Chikadzaza bwino ndi nsima ya dzanja langa chimatulutsa mtanda wa magalamu pafupifupi 150. Ndicho ndimagwiritsa ntchito mpaka lero, ndipo ndikapita kumudzi chimakhala m'chikwama limodzi ndi insulin.

Patapita nthawi ndinawerenga kuti sikelo inayamba kuthandiza odwala shuga insulin asanabwere n'komwe. Insulin anamupeza Frederick Banting ndi Charles Best ku Toronto mu 1921, ndipo woyamba kubayidwa anali mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, mu Januwale 1922. Zisanatero, ana a matenda ngati angawa ankawasunga ndi njala, chakudya chochepetsetsa choyezedwa pa sikelo, kuti moyo utalikeko miyezi. Dokotala Elliott Joslin wa ku Boston ankaphunzitsa odwala ake kuyeza chakudya okha kunyumba. Iwo ankayeza kuti adye zochepa zongokwanira kupuma. Ine ndimayeza kuti ndidye n'kukhuta, ndikaphunzitse, ndikalime. Ndikaganiza za ana amenewo sindidandaulanso za mphindi imodzi yoima pa kasikelo.

Komatu kasikelo sikadziwa zonse, ndisakunamizeni. Sikadziwa kuti lero ndachapa mabulangete kapena ndayenda pansi kuchokera ku Limbe poti minibasi zavuta. Masiku otero nsima yomweyo imachepa, ndipo ndimawonjezera nthochi. Sikadziwa malungo, amene amakweza shuga ngakhale usakudya. Sikadziwa masiku oyandikira kumwezi, pomwe wanga amakwera popanda chifukwa chooneka. Tchipisi cha pachiwaya chimandinamiza: pakatha maola awiri shuga ali bwino, usiku wakwera, poti mafuta amachedwetsa chakudya m'mimba. N'chifukwa chake kamakina koyezera magazi sikasiyidwa, ngakhale timapepala take tili todula moti ndimachita kutiumira. Ndipo m'chikwama changa simusowa shuga womanga m'kapepala, masupuni a tiyi anayi, pafupifupi magalamu 15. Akatsika ndimamwa ameneyo m'madzi, kudikira mphindi 15, n'kuyezanso.

Kumaliro ndi kuukwati kasikelo sindipita nako. Sungatulutse galasi pakati pa amayi olira. Kumeneko ndimadalira maso, ndipo masowo anaphunzitsidwa ndi kasikelo komweko. Kunyumba ndinazolowera kuyamba ndalota kulemera kwa mtanda ndisanauike, kenako n'kuona ngati ndalondola. Pang'ono ndi pang'ono kuphonya kunachepa. Tikamadyera mbale imodzi ndi amayi anzanga ndimapatuliratu gawo langa kumbali kwanga tisanayambe, chifukwa ukamangotema mbamu nkhani zili m'kamwa sudziwa kuti wadya zingati. Miyezi ikapita osayeza, maso amayambanso kuwolowa manja, ndiye ndimabwerera pa galasi sabata imodzi kuti awongoke.

Zonsezi ndinkalemba m'kope la ana a sukulu: nthawi, chimene ndadya, magalamu ake, insulin, ndi nambala ya kamakina. Mlingo wa insulin sindinasinthepo ndekha, ndipo inunso musatero. Tsiku la kiliniki litafika ndinapereka kopelo kwa adokotala. Anatsegula tsamba ndi tsamba, osathamanga, n'kuona chimene ine sindinaone: chakudya chamadzulo chinali chofanana masiku onse, koma shuga ankatsikabe m'bandakucha. Poti nsima inali itasiya kusinthasintha, zinaonekeratu kuti wochuluka ndi insulin wamadzulo. Anamuchepetsa pang'ono, n'kundiuza kuti ndizidya kanthu kochepa ndisanagone. Maloto oipa ndi mutu wa m'mamawa zinatha mwezi womwewo.

Asanandibwezere kopelo anandifunsa ngati ine ndi bambo tikuganiza za mwana. Ndinati inde, koma ndikuopa. Anati ndi kope lotere tikhoza kuyamba kukambirana, kungoti insulin wosakanizayu afunika kusintha, ndizibaya kanayi pa tsiku, ndipo mlingo wa pa chakudya uzitsata magalamu amene ndayeza. Za mimba imeneyo, ndi mmene ndinaphunzirira masamu atsopanowo ndili ndi nseru ya miyezi yoyamba, ndikuuzani m'gawo 10.