Tagona m'nyumba mwathu: zikomo nonse, makamaka Agogo

Abale anga, usiku wapitawu tagona m'nyumba mwathu kuno ku Lunzu. Mwathumwathu. Pulasitala mulibe, mawindo awiri tatseka ndi makatoni, pansi mpadothi, koma chitseko chili ndi loko ndipo kiyi ndamumangirira pansonga ya chitenje. Msana ukuwawa ndi kusenza katundu, maso ali psuu, ndiye mawu akasokonekera mungondikhululukira.

Za Lolemba lija la pa 13 March 2023 sindibwereza, mukuzidziwa. Namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala ya phiri la Soche pa Chilobwe pathu. Tinatuluka ndi ana atatu ndi zovala za m'thupi basi, bambo awo mwendo utathyoka pawiri. Mlamu wanga sitinamupeze mpaka lero.

Anyamata amene munanyamula bambo a kunyumba pachitseko mpaka kumsewu, mayina anu sindikuwadziwa, Mulungu akuwadziwa. Anamwino a ku Queens amene munagwira ntchito osagona sabata imeneyo, zikomo. Amayi a Mvano, zitenje zanu zija ndimavalabe. Anzanga a banki m'khonde, munandikongoza mpamba wa mandasi ndilibe ngakhale ndowa yoti nkupinyolitsa. Achimwene ku Johannesburg, malata ali pamutu pathuwa ndi thukuta lanu. Amisiri athu, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndalama yanga ya simenti inangosungunuka m'manja, inu munati "mayi, tiyeni tizimanga, za ine mudzaona." Ngongole yanu sindinaiiwale.

Koma ndinene za Agogo. Andiletsa kutchula dzina lawo pano, akuti Facebook si tchalitchi.

Sindinkawadziwa kale. Tinakumana pakampu, m'kalasi ya Sitandade 4, mphasa yawo itagundana ndi yanga. Iwonso nyumba inapita, pamodzi ndi mdzukulu. Tsiku lachitatu, cha m'ma 4 koloko kudakali mdima, ndinamva munthu akundigwedeza chala cha kuphazi.

"Mwanawe, dzuka tikaonekere."

"Tikaonekere kuti, Agogo?"

"Kwa mwini tsikuli."

Ndivomere pamaso pa nonse kuti ndinawachitira mwano. Ndinati Mulungu wake uti, anali kuti Lolemba? Sanandikalipire, sananditsegulire vesi. Anangoti, "Kamufunse wekha, ali maso." Ndinadzuka ndi mkwiyo womwewo, tinakagwada pakhonde la kalasi, simenti ikuzizira m'maondo, mvula ikuwazabe. Ine ndinkayembekeza pemphero la ola lathunthu. Iwo anangoti, "Atate, kwacha. Tilipo. Mutipatse za lero, mutiuze zochita lero, tichita. Amen." Kenako anakoleza moto pamafuwa n'kutereka mphika wa madzi. Ufa tinalibe, ngakhale wodzaza chikhatho.

Ndinawafunsa kuti madziwo ndi achiyani. Anati, "Wapempha ufa, ndiye ukufuna ukupeze usanatereke?"

Sindikunamizani kuti tsiku lililonse ufa unkabwera. Masiku ena galimoto inkafika cha m'ma 10 koloko ndi matumba, ife madzi atawira kale, ana athu n'kukhala oyamba kumwa phala. Masiku ena zii. Dzuwa likapendeka Agogo ankagawa madzi otenthawo m'makapu, amvekere, "Lero watipatsa owiritsa, kolera satipeza." Paja nthawi imeneyo kolera anali atavuta dziko lonse. Ndinaseka koyamba pakampu paja chifukwa cha mawu amenewo, kuseka kosakanikirana ndi misozi.

Agogo sadziwa kuwerenga, koma Salimo 5 ili pamtima. Ndime yachitatu ija, pamene Davide akupereka pempho lake m'mawa kenako n'kukhala tcheru kudikira, iwo amati anthu timakonda theka loyamba lokha. Timapempha n'kuthawa, ngati mwana wogogoda pakhomo la eni n'kuliyatsa liwiro. Ine ndinabatizidwa ndili wakhanda, kwaya ndaimba zaka zambiri, koma kudikira yankho ndinakuphunzira kwa mayi wosadziwa kulemba dzina lake.

Chovuta chinali mbali ija yakuti "mutiuze zochita, tichita." Tsiku lina ndinabisa mapaketi awiri a soya pansi pa mphasa, kusungira ana. Madzulo kunafika mtsikana wa khanda kumsana, wopanda kanthu. M'mawa mwake titangoti amen, Agogo anandiyang'ana, "Mana a m'chipululu aja ankatani ukawagoneka?" Ndinayankha kuti ankagwa mphutsi n'kununkha. Sanawonjezere mawu. Ndinakatenga paketi imodzi n'kukapereka, mtima ukuwawa, ndisaname. Palibe thumba linagwa kumwamba tsiku limenelo. Kungoti usiku wake ndinagona tulo koyamba.

Nkhani ya puloti inalinso chimodzimodzi. Bambo a kunyumba atachira ankafuna timangenso pompaja, poti malowo ndi athu ndipo ndalama yogulira ena inalibe kochokera. Ine m'mawa uliwonse ndikagwada mtima unkakana. Tinakangana miyezi, tikuchita lendi kachipinda kamodzi anthu asanu. Agogo sanalowerere za m'banja, anangondiuza kuti ukapempha njira usamatsinzine ikaoneka. Bambo, pamaso pa anthu ndikuthokozani kuti munamva, ndipo njerwa zonsezi munaumba nokha ndi mwendo wotsimphinawo.

Ena munabwera pakampu ndi mafoni, munatijambula tili pamzere wa phala, simunafunse n'komwe ngati ana adya. Ena a magazi amodzi ndi ine munati tinachimwa ndife, n'chifukwa chake napolo anadzera pakhomo pathu. Ndinkafuna kukutchulani mmodzimmodzi lero, mndandanda ndinali nawo. M'mawa uno Agogo andifunsa ngati zimenezo ndauzidwa pogwada paja. Sindinauzidwe. Ndiye khalani ndi mtendere, mukabwera mpando tikupatsani.

Kampu itatsekedwa tinabalalika, Agogo anapita kwa mwana wawo ku Bangwe. Koma kuyambira tsiku limenelo foni yanga imalira 4 koloko m'mawa uliwonse, kamodzi kokha n'kuduka. Mayunitsi oimbira alibe, amangoflasha. Ndikamva ndimadziwa kuti kwinaku agwada, nanenso ndimatsika pamphasa, kenako ndikoleze mbaula ya mandasi. Tsiku limodzi lokha foni sinalire. Ndinakwera minibasi yoyamba mtima uli m'mwamba, ndinawapeza malungo atawagwetsa. Mawu awo oyamba anali akuti, "Wapemphera koma?"

Atate wakumwamba, mayi ameneyu mumusunge. Mumuwonjezere masiku, mumupepuzire maondo akuwawawo. Mdzukulu wake ndi mlamu wanga muli nawo Inu, kumene ife sitinathe kuwapeza. Ndi onse amene mpaka pano alibe pogona pawopawo chichokereni Freddy, musawaiwale.

Agogo, zikomo. Ndanena kale koma ndibwerezanso, zikomo. Munandidzutsa ndili wamwano, simunatope nane.

Dzulo tinakawatenga kuti agone nafe usiku woyamba. Lero foni sinalire, anandigwedeza chala cha kuphazi ngati kale. Tagwada padothi la pabalaza, ana akusinza, bambo awo atatambasula mwendo uja. Titamaliza afunsa kuti mphika uli kuti, ndipo ufa ulipo theka la thumba.

Lamulungu likudzali tikaweruka kutchalitchi, abusa abwera kudzapempherera nyumbayi cha m'ma 2 koloko masana. Nonse mwaitanidwa. Mukatsika pamsika wa Lunzu mundiimbire, mwana adzakuchingamirani. Mipando ndi yochepa, amayi tengani zitenje zoyala.