Lachinayi: maliro kwa alendo athu

Ndadzuka ndi uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa atcheyamani a mphakati wathu kuno ku Kapata. Mwana wa banja lija la ku Burundi, logulitsa tipamela ndi saladi pakantemba, watisiya usiku. Muno mu Chipata alibe mbale ndi mmodzi yemwe.

Tinakumana mwachangu kuti tione za bokosi, nkhuni ndi ufa. Apa mpamene panavuta. Bambo wina, munthu wopemphera ndithu, anati anthuwa satipatsa nawo mpata pa malonda, ndipo mapepala awo ndani anawaona? Sindimunyoza. Kantemba kake kanatsekedwa chaka chatha, ndipo mtima wa munthu amene ana ake agona ndi njala suchedwa kupeza womuloza chala. Koma mawuwo anandilasa, poti mtembo wa mwana unali usanatuluke n'komwe m'chipatala.

Anayankha ndi agogo ena a ku Petauke, amene nthawi zambiri amangokhala chete pa mphasa. Anati, "Mwana wanga, za mapepala zisiyire a imigireshoni, ndi ntchito yawo. Ife tafunsidwa za maliro." Kenaka anatikumbutsa za nkhondo ya ku Mozambique, anthu akuwoloka malire ndi mitolo pamutu, boma lisanatsegule malo a othawa kwawo ku Ukwimi mu 1987. Oyamba kuwalandira anali anthu wamba a m'midzi, ndi nsima yomwe inalipo. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ambiri anabwerera kwawo.

Ndakhala ndikuzilingalira tsiku lonse ndikusonkhezera moto pansiwa. Ife a kum'mawa kuno ndife oyenera kumvetsa msanga kuposa ena. Angoni a Mpezeni amene timavina nawo Nc'wala ku Mtenguleni, makolo awo anawoloka Zambezi mu 1835. Pa Kulamba ku Mkaika, Achewa a ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera kwa Kalonga Gawa Undi ngati ana a nyumba imodzi. Ine amene, azakhali anga ali ku Mchinji, kungodutsa pa Mwami. Tsono mlendo wolankhula chinenero chathu timamutcha mbale, koma wochokera kutali tiyambe tamufunsa chitupa mwana wake ali m'bokosi?

Pa Levitiko 19:34 Mulungu akulamula Aisraeli kukonda mlendo monga adzikondera okha, chifukwa nawonso anali alendo ku Ejipito. Pa Mateyu 25 Ambuye akudziika okha m'malo mwa mlendoyo. Dziko lathu linalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu 1991, komabe mu Epulo 2016 mashopu a anthu a ku Rwanda anathyoledwa ku Lusaka chifukwa cha mphekesera chabe. Ena anakabisala m'tchalitchi. Zimenezo sizichoka m'mutu mwanga, chifukwa zimayamba ndi timawu ngati tam'mawa tija.

Madzulo amayi a mwanayo anayamba nyimbo ya m'Chirundi. Sitinamve mawu ake, koma tinagwira mayimbidwe n'kumawathandiza. Bambo uja anabwera mochedwa atakoka wilibala ya nkhuni, n'kukakhala kwa azibambo osanena kanthu.

Mawa tiika maliro cha m'ma 10 koloko. Ndalama ya galimoto yonyamula anthu sinakwanebe, ndiye ndilawirira kwa amayi a mphakati woyandikana nafe kukapempha kuti atithandize.