Ulemu upite kwa zimphona za kutsogolo

Anzanga, masiku ano ndikumagona mochedwa chifukwa cha mpira wa ku America uja wa ligi ya NFL, ndiye lero ndinenepo maganizo anga. Aliyense amangotamanda quarterback. Inde, iyeyo ndiye mwini filimu: amalandira mpira n'kusankha kuuponya kapena kupatsira running back kuti athamange nawo. Tom Brady, quarterback wotchuka, anatenga chikho cha NFL cha Super Bowl maulendo 7, sindikutsutsa.

Koma taonani amuna asanu amene amawerama patsogolo pake aja. Pakati pali center, amene amayambitsa sewero podutsitsa mpira pakati pa miyendo yake. M'mbali mwake muli ma guard awiri, kumapeto ma tackle awiri. Ambiri amalemera makilogalamu oposa 130. Ntchito yawo ndi kukankhana basi, chifuwa ndi chifuwa, ndipo malamulo sawalola n'komwe kuwakha mpira woponyedwa kutsogolo. Dzina lawo limamveka akalakwitsa, refa ataponya kansalu kachikasu pansi.

Amene amandigometsa ine ndi left tackle, tackle wa kumanzere. Quarterback wa dzanja lamanja akamaponya amafulatira kumanzere, ndiye saona chilombo cha timu inayo chikubwera kumsana. Left tackle akangophethira, bwana uja ali gada pansi, mpira uli kwina!

Za kicker, womenya mpira ndi phazi, ndisanene zambiri. Amangokhala phee m'mbali mwa bwalo, n'kumalowa mwa apo ndi apo kudzamenya field goal ya mapointi 3, mpira wodutsa pakati pa mapolo a golo. Akaphonya, mzinda wonse umamutukwana ngati amasewera yekha.