Lachitatu: mbamu zitatu za Tadala

Magetsi anazima 5 koloko isanakwane, ndiye phala la lero ndaphikira pa mbaula. La mgaiwa lothira nsinjiro, zonse zochokera ku Ntcheu. Apongozi anga anafika Loweruka atasenza thumba la ufa, kachewere wa ku Lizulu ndi nsinjiro zosinja okha, ndipo akhala nafe kuno ku Lilongwe mpaka mwezi uthe.

Tadala ali ndi zaka zitatu ndi miyezi inayi. Wadya masipuni mwina asanu ndi awiri, kenako wakankha mbale ndi kachala kamodzi, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti, “Ndakhuta.” Mawu amenewa ndakhala ndikumuphunzitsa miyezi itatu, ndiye mtima wanga unangoti myaa. Agogo ake sanaone choncho.

“Wakhuta chiyani? Phala lonseli likupita kuti?” Anatenga sipuni, n'kumukhazika pamiyendo. “Yasamula, a Tada. Yasamula msanga, gule ali panjapo, akugwira ana osamaliza phala.” Mwana anatseka pakamwa kuti ndi, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Agogo anamugwira chibwano, masipuni atatu analowa. Iwo n'kumwetulira, “Mwaona, amake Tadala? Amadya uyu, mumangomulekerera.”

Ndinangoti, “Eya, amayi.” Mtengwa sawongola apongozi m'mawa tiyi asanamwe. Ndikusesa cha m'ma 8 ndinapeza masipuni atatu aja kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, atalavulidwa bwinobwino pamalo amodzi, nyerere zitayamba kale msonkhano.

M'mawa wonse ndinali pa makina, ndikusoka mayunifomu a ana a sukulu ina ya mkaka. Kolala ya diresi limodzi ndaisoka kawiri. Cha m'ma 10 Tadala anabwera akunyinyirika, akukoka chitenje changa, osanena chomwe akufuna. Kale ndikanangomuponyera bisiketi kuti ndione mtendere. Masiku ano tili ndi kasewero kathu. Pawindo la kukhitchini ndinaikapo makapu atatu apulasitiki oonekera mkati: ina yopanda kanthu, ina ya nyemba theka, ina yodzaza nyemba mpaka pakamwa. Ndimamuuza aike dzanja pamimba, kenako ndimafunsa, “Mimba ikuti chiyani?” Iye amaloza kapu. Poyamba ankangoloza yodzaza chifukwa ndi imene imalira bwino akaigwedeza, ndiye musaganize kuti zinayenda tsiku limodzi. Lero analoza yopanda kanthu, n'kuwonjezera yekha kuti, “Ikulira ngati chule.” Ndinamupatsa nthochi ndi madzi. Anadya yonse n'kubwerera kukasewera.

Masiku ena akaloza kapu ya theka koma akulirabe, ndimadziwa kuti si njala. Ndi tulo, kapena ludzu, kapena akungofuna ndimunyamule. Mwana wamng'ono zonsezi amazimva ngati chinthu chimodzi chosasangalatsa, ndipo tikamayankha chilichonse ndi chakudya, amakula akuganiza kuti kutopa, kukwiya ndi kusungulumwa dzina lake ndi njala.

Kasewero aka kanayamba nditachokera kusikelo ndili ndi nkhawa. Miyezi iwiri yotsatizana sikelo inkangoonetsa pafupifupi chimodzimodzi, ine n'kuyamba kumuthamangitsa ndi sipuni pabwalo ponse. Mlangizi wa zaumoyo anatsegula buku lake la kuchipatala n'kundionetsa mzere wosonyeza kulemera kwake. Anati khanda likamakwanitsa chaka limakhala litachulukitsa pafupifupi katatu kulemera komwe linabadwa nako, koma pausinkhu wa Tadala mwana amangowonjezera makilogalamu awiri kapena kuposera pang'ono pachaka chonse. Thupi likachepetsa liwiro, chilakolako cha chakudya chimatsikanso. Ine ndinkafuna mwana wa zaka zitatu azidya ndi changu cha khanda la miyezi isanu ndi inayi.

Mng'ono wanga amene anaphunzira za kadyedwe ku Bunda ndiye anandidzazira WhatsApp ndi mauthenga a mawu. Anandiwerengera kuti mimba ya mwana wamng'ono imalandira pafupifupi mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Tadala ali ndi makilogalamu 13, ndiye ndi mamililita ngati 400, osakwana n'komwe botolo la theka la lita. Tsono yerekezani ndi mtanda wa nsima womwe chipande changa chimatulutsa. Anandiuzanso za kafukufuku wa ku America wa mu 1991, wa Leann Birch ndi anzake, omwe anayeza chilichonse chimene ana 15 a zaka ziwiri mpaka zisanu ankadya. Pa chakudya chimodzi ndi chinzake panali kusiyana kwakukulu, apa wadya ngati mlimi, apa wangonyambita, koma akaphatikiza za tsiku lonse zinkafanana ndithu tsiku ndi tsiku. Mwana akadya zochepa m'mawa ankabwezera masana. Wina wa mu 2000, wa Barbara Rolls ndi Birch yemweyo, ndi umene unandikhala m'mutu. Anapatsa ana makaroni othira tchizi, tsiku lina pang'ono, tsiku lina ambiri. Ana a zaka zitatu ankadya mlingo womwewo kaya mbale yadzaza bwanji. A zaka zisanu ankadya zambiri mbale ikadzaza. Ndiye kuti pakati pa zaka zitatu ndi zisanu pali pomwe mwana amayamba kumvera mbale kuposa mimba yake, ndipo Tadala ali pakhomo penipeni pa zaka zimenezo.

Nkhomaliro ya lero ndiyo inavuta. Cha m'ma 11 koloko agogo ananyamuka ndi mdzukulu wawo kupita kuokala, ati kukagula machesi. Anabwerako Tadala milomo ili psuu ndi zozizira zam'mapepala zija, zala zili chikasu ndi kamba. Nditapakula nsima ya usipa ndi nkhwani wotendera, anasamba m'manja, n'kutema mbamu imodzi, yachiwiri, yachitatu, basi. “Ndakhuta.” Ndipo sananame. Analidi atakhuta, kungoti anakhuta mphepo ndi shuga. Apa m'pamene anthu ena amasokoneza nkhaniyi, amaganiza kuti kumvera mimba ya mwana ndiye kumusiya azidya chilichonse nthawi iliyonse. Ayi ndithu. Chakudya chanji, nthawi yanji, atakhala pati, zimenezo ndi zanga ine mayi. Kuchuluka kwa zomwe zilowe m'mimba ndiye zake iye. Mwana amene akungotolatola tsiku lonse sadzaidziwa njala, chifukwa siipeza mpata wofika.

Sindinamukakamize, komanso sindinamupatse china. Ndinamuuza kuti chakudya chotsatira ndi cha 3 koloko. Analira pang'ono cha m'ma 2, ndinapirira. Nsima yake yotsalayo ndinaimaliza ndine, nditakhuta kale, nditaimirira pafupi ndi sinki. Ndinazindikira mbamu yomaliza ili m'kamwa. Ine wophunzitsa anthu za makapu atatu.

Madzulo tinakhala pakhonde ndi apongozi tikusankha nyemba palichero. Ndinayamba mozungulira, za mvula, za mtengo wa feteleza, kenako ndinati, “Amayi, mwanayu akati wakhuta, bwanji tizimusiya?” Anakhala chete nthawi yaitali, akutaya timiyala pansi kamodzikamodzi.

Kenako anayamba kunena za 2002. Ine chakacho ndinali wamng'ono, ndipo kwathu bambo ankalandira malipiro, ndiye ndimangokumbukira kuti nsima inachepa. Kwawo kunali kwina. Pofika February, mwezi womwe a Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi ya njala, nkhokwe zinali zitauma kalekale. Ankadya phala la gaga, kenako mitsitsi ya nthochi yosinja, kenako chimanga chosakhwima m'munda. Bambo a Tadala anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ankapita kuganyu ndi mayi awo kuti alandire kambale ka madeya. Panali kamng'ono kawo kena ka chaka ndi theka. Zimenezi mwamuna wanga sanandiuzepo bwinobwino.

“Poyamba ankalira njala usiku wonse,” anatero. “Kenako anasiya kulira. Tsiku lomwe ndinapeza ufa weniweni ndinamuphikira phala, anatembenuzira nkhope kumbali. Ngati mmene anachitira uyu m'mawa muja.”

Sanapitirize, ndipo ine sindinafunse. Ndinangoona dzanja lawo likusankha nyemba zomwe zinali zosankha kale.

Ndinali nditakonzeka ndi za mamililita ndi makaroni a ku America, zonse zinandithawa. Mayi amene anaona zimenezo ungamuuze bwanji kuti mwana akakana chakudya umusiye? Ndipo pali pomwe akunena zoona. Mwana amene wanyentchera kwambiri chilakolako cha chakudya chimatha, n'chifukwa chake kuchipatala amayamba amuyesa ngati angathe kudya chiponde asanaganize zomubweza kunyumba kapena kumugoneka. Mwana wodwala malungo kapena wotsekula m'mimba naye samva njala, amafunika kumunyengerera pang'onopang'ono, kangapo patsiku, ndipo akachira umamuwonjezera chakudya kuti abwezeretse. Dziko lathu ndi lomwe kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. M'nyumba zambiri funso silakuti mwana wakhuta kapena ayi, koma ngati wapezako gawo lake m'mbale imodzi ndi akulu ake othamanga manja. Zimenezi sindingazinyoze ndili pakhonde la simenti ndi thumba la ufa m'nyumba.

Chomwe ndinachita, ndinalowa kukatenga buku la kusikelo lija. Apongozi anga sawerenga bwino, koma mzere wokwera amaudziwa, analera ana asanu ndi mmodzi. Anautsatira ndi chala kuyambira kumunsi mpaka pamwezi watha. Ndinawaonetsa Tadala akukwera mpanda wa anansi ndi anzake, miyendo ili gwa. Ndinati, “Amayi, tsiku lomwe uyu adzakane chakudya atafooka, osasewera, tidzathamangira limodzi kuchipatala. Koma akakana akuseka, tiyeni timukhulupirire.” Za gule ndinapempha padera, kuti mwana asamadye ndi mantha. Anangoti, “Ana a masiku ano,” osanena ngati akunena Tadala kapena ine.

Bambo ake anafika mochedwa chifukwa cha mzere wa mafuta. Mgonero unali nsima ya nyemba zomwe zija ndi mpiru. Ndinasintha kachitidwe: m'mbale ya Tadala ndinaikamo theka la chipande basi, ndi nyemba sipuni ziwiri. Apongozi anandiyang'ana ngati ndikumana mwana wamasiye. Wailesi yakanema ndinazimitsa, chifukwa akamaonera zidole amangotsegula pakamwa ngati mwana wa mbalame osadziwa n'komwe kuti akudya. Anadya mwakachetechete, msuzi ukutsikira kuchigongono. Itatha, ananyamula mbale ndi manja awiri n'kupita kwa agogo ake, osati kwa ine.

“Agogo, ndiwonjezereni.”

Mukanaona nkhope yawo. Anatema mtanda wawo womwe, chidutswa chachikulu moti ndinachita kukhosomola kuti achepetse. Tadala anadya mwina theka la chowonjezeracho, n'kuika dzanja pamimba, n'kuyang'ana kuwindo kuli makapu kuja. “Yadzaza.” Dzanja la agogo linanyamuka kulunjika kumbale, linafika pakati, n'kubwerera pachitenje. Anangoti, “Vundikirani, ukhala mkute wa mawa.”

Pano ndi 9 koloko, magetsi alipo, ndikufuna ndimalize madiresi awiri ndisanagone. Ndapita kukafunditsa Tadala, yemwe masiku ano akugona ndi agogo ake, ndipo pampando wa pafupi ndi bedi ndapeza kambale kovundikira ndi kansalu. Ndatsegula: kachewere awiri owiritsa, osenda kale, ndi kamchere pambali. Apongozi anatsegula diso limodzi n'kunong'ona kuti, “Mwina adzuka usiku.” Ndavundikiranso n'kutseka chitseko.