Mmene ndinamangira dziko la Nyanjathawa

Kope langa loyamba linali lodzaza ndi mafumu okhala m'nyumba zazitali zamiyala, asilikali okwera pa akavalo, ndi chinjoka chouluka cholavula moto. Ndinalilemba miyezi itatu m'kachipinda kanga ku Matawale, ndikudziguguda pachifuwa kuti ndalenga dziko langalanga. Usiku wina magetsi atazima ndinasonkhanitsa ana a achemwali anga pakhonde n'kuyamba kuwawerengera. Sitinapite patali. Wamkulu anandidula pakamwa: "Amalume, imeneyi si filimu tinaonera pa foni yanu ija?" Wamng'ono anali atayamba kale kuliza mkonono.

Mwanayo sananame. Zonse zinali zobwereka. Munalinso chipale chofewa, chinthu chimene ine chibadwire sindinachipondepo. Kopelo ndinaliponya pansi pa bedi, ndipo patapita sabata ziwiri ndinayambiranso. Apa ndikufotokoza njira imene ndinadutsa ulendo wachiwiriwo, mwina ingathandize wina amene akufuna kupeka dziko la nthano zake, kaya ndi la buku, sewero la pawailesi kapena zojambula.

Ndinayamba ndi nthaka, osati anthu. Loweruka lina ndinakwera phiri la Zomba wapansi, kudutsa anyamata ogulitsa mabulosi ndi masitiroberi m'mbali mwa msewu, mpaka kukafika pa Emperor's View, malo aja anatchulidwa dzina chifukwa cha Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafikapo mu 1965. Ukaima pamenepo kunja kutayera, tawuni yonse imakhala kumapazi ako, Mulanje amaoneka chakutali, ndipo kum'mawa kumanyezimira nyanja ya Chilwa. Ndinakhala pamwala n'kumatsata madzi ndi maso. Mulunguzi amatsika m'phirimo, Likangala ndi Domasi amakathira mu Chilwa, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi m'nyanjamo. N'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono. Ndipo nyanjayi ili ndi khalidwe limene aliyense wa kuno amalidziwa: imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona ndi maso athu mabwato atakhala pamatope ong'ambika ku Kachulu.

Pamwala pomwepo ndinadzifunsa: bwanji patakhala dziko limene nyanja yake imachoka mwadala, ngati mkazi wobwerera kwawo, ndipo moyo wonse wa anthu wamangidwa pa kuchoka ndi kubwerako? Dzina linabwera lokha. Anthu akadzuka m'mawa n'kupeza matope okhaokha amakuwa kuti "Nyanja yathawa!" Dzikolo n'kukhala Nyanjathawa.

Mapu ndinajambula kuseri kwa kalendala yakale. Phiri kumadzulo, dambo ndi nyanja kum'mawa, chilumba chimodzi pakati, midzi isanu ndi iwiri. Oyambawo ndinalakwitsa mochititsa manyazi, mtsinje wina unkachokera kunyanja kukwera phiri. Ndinafufuta. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kulemba pa njira iliyonse masiku amene munthu wosenza katundu angayende, chifukwa kupanda apo munthu wa m'nkhani amanyamuka m'mawa kumalire a dziko n'kukadya nsima ya masana kumalire enawo, owerenga n'kumadabwa.

Kenako matsenga. Apa ndi pamene ndinakhalitsa.

M'kope loyamba lija munthu ankangotambasula dzanja moto n'kubuka, osalipira kanthu. Koma ndinakumbukira mmene nkhani za kukhwima zimakambidwira kwathu kuno. Palibe amakhwima ulere. Pamakhala chizimba, pamakhala zoletsa: usadye chakuti, usasambe tsiku lakuti, usacheuke pobwerera. Ndipo nkhani imakoma pamene munthu waphwanya choletsa. Mphamvu yopanda mtengo ilibe nkhani. Komabe sindinafune kulowetsamo ufiti monga timaukambira m'mudzi, chifukwa umenewo si masewera. Ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, timamvabe za agogo omenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba. Sindikanafuna kuti nthano yanga ikhale nkhuni zosonkhezera moto umenewo.

Choncho ndinapeka zanga. Ku Nyanjathawa kuli anthu otchedwa aitani. Mwitani amatha kuitana madzi kuti atumphuke pansi pouma, koma nthawi iliyonse akaitana, amaiwala dzina la munthu mmodzi amene amamukonda. Sasankha yekha dzina lotayikalo. Nkhope amaikumbukira, chikondi chimakhalapobe, koma dzina limachoka ndipo ngakhale amuuze kakhumi silikhazikikanso. Malamulo ndinalemba atatu okha pa tsamba loyamba la kope latsopano: madzi amaitanidwa pansi pokha, osati kumwamba, choncho mwitani sangagwetse mvula, dzina lotayika silibwerera, mwitani akataya dzina lake lomwe, madzi samumveranso. Ndinadzilonjeza kuti sindidzaphwanya atatuwa ngakhale nkhani itandipanikiza pakona.

Ndinkaona ngati ndamaliza. Ndiye ndinapita kwa agogo anga aakazi, amene amakhala chakunjira ya ku Jali, kukawasiyira shuga ndi sopo. Ndinawapeza akusenda nandolo pamkeka, ine n'kukhala pansi pambali pawo kuwafotokozera dziko langa monyadira. Anamvetsera osadukiza, manja akugwirabe ntchito. Nditamaliza anati:

"Nanga anthu akowo nyanja ikathawa amadyera chiyani nsima?"

Ndinati kukamwa yasa.

"Sunaganize? Matemba palibe, makumba palibe. Ndiye ndiwo?"

"Mwina masamba, agogo."

"Mwina? Iwe ndiye Chauta wa kumeneko, ukuti mwina?" Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anapitiriza, ngati akundizenga mlandu pabwalo. Munthu akamwalira pachilumba nthawi ya madzi ambiri amakamuika kuti? Mwitaniyo akaiwala dzina la mkazi wake, apongozi ake amati bwanji? Amamulipira ndani, ndi chiyani? Nanga mayi wanzeru zake angalole mwana wake kukwatiwa ndi munthu amene mawa adzamuitana kuti "iwe uyo"?

Ndinabwerera pa kabaza mutu uli wazizi, koma mafunso amenewo ndi amene anamanga dziko lonse. Poyankha za ndiwo ndinapeza kuti anthu a kudambo amayanika nsomba zambiri m'zaka zamadzi n'kusunga m'nkhokwe zomata ndi dothi, ndipo amaphula mchere m'dothi la pansi pa nyanja youma n'kukasinthanitsa ndi nyemba kwa anthu a kuphiri. Malonda anabadwira pamenepo, ndi mkangano womwe, pakuti a kuphiri amakweza mtengo akadziwa kuti anzawo apanikizika. Za nyumba ndinatengera nzeru kwa asodzi a pa Chilwa amene amamanga zimbowera, tizisakasa toyandama pa udzu wa m'madzi. Kwanga kuja mudzi wathunthu umayandama, ndipo nyanja ikathawa umatera pamatope pamene yausiya, nthawi zina pamunda wa eni ake. Milandu ya malo ndiye siitha.

Funso la apongozi lija linabala chinthu chimene ndimachikonda koposa zonse: akumbutsi. Mwitani aliyense amayenda ndi mwana wa mlongo wake, amene amanyamula chingwe cha mfundo, mfundo iliyonse kuimira dzina limodzi lotayika. Akakumana ndi munthu panjira, mwanayo amanong'oneza dzina khutu la amalume ake kuti apereke moni bwinobwino. Tsono taganizani mphamvu imene kamwana ka zaka 10 kali nayo. Kakafuna kunama? Kakanong'oneza dzina la mdani m'malo mwa dzina la m'bale? Nkhani zinayi zinatuluka pa funso limodzi limeneli, ine osavutika kuzisaka.

Zamoyo zodabwitsa zinandiika pa mayesero. Munthu wa ku Zomba ukati chilombo cha m'phiri, m'mutu mumabwera Napolo basi, chinjoka chija akuluakulu amati chimakhala pansi pa phiri ndipo chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula nthaka ndi kukokolola zonse. Anthu amatchulabe za mu December 1946, pamene mvula yoopsa inagwa kuno, phiri n'kugumuka ndi kukokolola milatho, komanso za ku Phalombe mu March 1991. Ndinalemba masamba awiri a Napolo, kenako ndinang'amba. Napolo si wanga. Ali ndi eni ake, ndipo alipo anthu amene anaika abale awo m'manda chifukwa cha madzi amenewo. Chimodzimodzi zilombo za Gule Wamkulu: bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe pa dziko lonse, linalemekeza guleyu mu 2005, koma zimenezo sizinandipatse ine chilolezo chotola za kudambwe n'kukaseweretsa m'nthano. Chimene ndinatenga kwa Napolo ndi kagwiridwe kake ka ntchito chabe. Iye amafotokoza chinthu chenicheni chimene anthu amachiona ndi kuchiopa, ali ndi njira imene amadutsa, ndipo palibe amene anamuona bwinobwino.

Ndi muyeso umenewo ndinaumba Mmezanyanja. Ndinayambira pa mlamba, nsomba youma mutu ija imene imapirira m'matope anzake atafa kale. Mmezanyanja ndi mlamba wamkulu ngati mudzi, wogona pansi pa chilumba. Akadzuka ndi ludzu amamwa nyanja yonse m'miyezi itatu. Palibe anamuonapo wathunthu, anthu amangoona ndevu zake zitatuluka m'ming'alu ya matope ngati mizu ya mkuyu, ndipo ana amaletsedwa kuzikoka. Tizilombo tina ting'onoting'ono ndinangotidutsa mwachangu: akakowa olankhula amene amanena zoona m'mawa mokha, ndi ziphaniphani zosonyeza njira yolakwika kwa munthu amene ali ndi ngongole. Ndinali nditalemba mitundu 15, ndinatsala ndi itatu yokha. Zambiri zinkangodzaza malo.

Nthano ya chiyambi ndinailemba kawiri mwadala. Ndinaona kuti nthano zathu zakale, monga ya ku Kaphirintiwa kumene amati anthu oyamba anatsika n'kusiya mapazi pathanthwe, kapena ya bilimankhwe amene anachedwa ndi uthenga wa moyo buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa, zimakambidwa mosiyanasiyana malinga ndi mudzi ndi wokamba. Dziko limene anthu onse amagwirizana pa chiyambi chawo limanunkha bodza. Ndiye a kuphiri amati Mmezanyanja ndi mbala imene inaba madzi a Namalenga, ndipo aitani ndi apolisi olanda zobedwa. A kudambo amati ayi, dzuwa linafuna kumwa nyanja yonse, mlambayo n'kuibisa m'mimba ngati mmene mayi amabisira mbewu mu mtsuko chaka cha njala, ndipo aitani ndi ana osaleza mtima amene amaboola mtsukowo nthawi isanakwane. Yoona ndi iti? Ine ndikudziwa, koma ndinalemba yankholo pa tsamba lomaliza la kope n'kulimata ndi selotepi.

Za kasungidwe ndinaphunzira mowawa. Poyamba ndinkalemba zina pa foni, ndiye foniyo inasowa m'minibasi pobwera ku Limbe, pamodzi ndi mayina a midzi ndi mibadwo isanu ya mafumu. Pano zonse zili mu kope lachikuto cholimba, logawidwa ndi timapepala tamitundu: malo, malamulo, anthu, zamoyo, zaka. Zaka za ku Nyanjathawa siziwerengedwa ndi manambala athuwa, amati "chaka chachitatu chithawireni nyanja kachisanu". Ndikalemba chinthu chatsopano ndimabwerera kukaona ngati sichikutsutsana ndi chakale. Kamodzi ndinapeza kuti ndalola mwitani kugwetsa mvula pa maliro a mfumu. Chiganizocho chinali chokoma kwabasi, koma chinaphwanya lamulo loyamba, ndiye chinapita. M'malo mwake madzi anatumphuka m'manda momwemo, ndipo zinaopsa kuposa mvula ija.

Mayina ndimawayesa powatchula mokweza katatu. Lilime likapunthwa, dzinalo ndimalisintha. Ndimapewanso dzina la mudzi kapena banja lenileni, kuopa kudzalandira alendo okwiya pakhomo.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi magetsi anazimanso, monga mwa masiku onse, ndipo ndinawaitananso ana aja. Ulendo uno sindinawerenge m'kope. Ndinangoti "Padangokhala," iwo "Tili tonse," n'kuyamba nkhani ya kamtsikana kokhala mkumbutsi wa amalume ake amene anatsala ndi mayina awiri okha m'mutu, la iyeyo ndi lawo, mudzi uli pa ludzu. Palibe anagona. Kandulo itatsala pang'ono kutha, wamng'ono uja anandikoka malaya.

"Amalume, nanga mwitani akamukonda munthu koma osamufunsa dzina lake, madzi atenga chiyani?"

Malamulo anga atatu sanena kanthu pa zimenezo. Ndinamuuza kuti akagone, ndimuyankha Loweruka. Lero ndi Lachinayi, ndipo tsamba limene ndinalemba funsolo pamwamba likadali loyera.